Chinthu chonyowa sapinda, abale

Ndalemba ndafufuta, ndalemba ndafufuta, koma ayi ndilankhule basi chifukwa mtima ukundiwawa. Chinthu chonyowa sapinda. Kaya ndi bulangete, kaya ndi jekete, kaya ndi tenti, kaya ndi hamoku ngati yangayi, chikanyowa chiyanikeni kaye chiume mpaka mkati ndiye muzipinda. Mwana wa sitandade 3 amadziwa zimenezi koma munthu wamkulu wa ndevu zake samva.

Hamoku imeneyi ndinagula ndekha ndi thukuta langa, R700, ya thonje yokhuthala bwino, mizere yofiira ndi yachikasu. Kwa amene simuidziwa, ndi nsalu ija yomangirira uku ndi uku munthu nkugonapo ikulendewera. Mayi anga nditawatumizira chithunzi pa WhatsApp anati iwe wagula machila, aja ankanyamulirapo azungu nthawi ya atsamunda. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Northcliff, Lolemba mpaka Loweruka, kuimirira tsiku lonse kusita ndi kukolopa, pofika madzulo msana umachita kuyaka. Lamlungu ndikachoka ku tchalitchi ndimaimangirira pa mtengo wa mabulosi ndi pa chitsulo cha geti m'yadi mwathu muno ku Rosettenville, ndigonepo ola limodzi lokha msana uwongoke. Mpumulo wanga wonse wa sabata ndi umenewo, ndilibe wina.

Ndiye kumapeto kwa Novembala abwera alamu anga, akuti mlamu tibwerekeniko ija tili ndi braai kwa anzathu ku Turffontein, ana akasewerepo. Ndinawapatsa ndi mtima umodzi, ndinangonena kuti alamu ikanyowa muiyanike musaipinde. Ndinanena ndi pakamwa pangapa. Anati aaa mlamu musadandaule. Mvula inagwa tsiku lomwelo cha m'ma 4 koloko monga imachitira, iwo anangoimasula ikudontha madzi, kuipindapinda, kuiponya mu jumbo yakuda ija ya zinyalala, kumanga pakamwa, kuika mu buti ya galimoto. Masabata atatu. Masabata atatu abale nsalu yonyowa ili mu pulasitiki mu buti yotentha ngati uvuni, ine ndikafunsa akuti mawa mlamu, mawa mlamu.

Dzulo ndi pamene abwera nayo, jumbo yomangidwa bwinobwino, akumwetulira, eti katundu wanu uyu mlamu tasamala. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Nditangomasula fungo linanditsekera pakhosi, fungo lija la nyumba yomwe yakhala yotseka dzinja lonse, mwana wanga anathawira panja akutsokomola. Nsalu yonse madontho akuda ngati wina wawazapo tsabola, m'mapindo monse nkhungu yotuwa yaubweya ngati nsima ya dzana ikachita chuku, zingwe za kumapeto zija zasanduka zobiriwira, zoterera ukazigwira. Ndinaima pamenepo manja akunjenjemera. Nkhungu imakonda chinyezi, kutentha ndi mdima, masiku awiri okha yayamba kale, ndiye inu mwaipatsa zonse zitatu kwa masabata atatu mumayembekezera chiyani?

Ndipo musandiuze za mvula. Alamu akuti mlamu vuto ndi mvula ya chaka chino. Ayi. Vuto si mvula, vuto ndi kupinda chinthu chonyowa. Tonse tikudziwa kuti kuno ku Joni mvula imayamba Okutobala mpaka cha mu Malichi, imabwera masana ndi mabingu, nthawi zina ndi matalala, kenako yadutsa. M'mawa dzuwa lili phwee. Mzinda uno uli pamwamba mamita opitirira 1,700, mphepo yake ndi youma, kuno si ku Durban komwe chovala chimakhala chinyontho tsiku lonse. Ukayanika 7 koloko m'mawa pofika nkhomaliro chauma gwa. Chimene chimafunika ndi kungoitulutsa mu buti mawa lake, kuiponya pa chingwe kapena pa mpanda, basi. Mphindi ziwiri. Palibe ndalama, palibe sopo, dzuwa ndi laulere. Zimenezo zinawakanika.

Lero tsiku langa lopuma latha ndili chogwada pa bafa. Ndinayamba ndaitulutsa panja, kumanga kansalu pamphuno, kuipukuta ndi burashi ikadali youma kuti ubweya uja uchoke, zimenezi osachitira m'nyumba chifukwa fumbi lake ukalipuma chifuwa chimabanika makamaka ana ndi a mphumu. Kenako kumanga zingwe za kumapeto ndi tizidutswa ta nsalu kuti zisapiringizane, amene anachapapo hamoku akudziwa kuti zikapiringizana umalira. Madzi ofunda mu bafa, viniga woyera botolo lathunthu, kuiviika ola limodzi. Kenako soda ndi timadzi pang'ono kupanga ngati phala, kupaka pa dontho lililonse, sopo wa Sunlight wobiriwira uja pamwamba, kukwecha ndi mswachi wakale dontho limodzi limodzi mpaka zala zachita makwinya. Kutsukuluza katatu, madzi oyamba anatuluka akuda ngati a m'ngalande. Ndaiyanika chotambasula pa dzuwa, ndikuitembenuza, ndipo mawa iyanikidwanso chifukwa mfundo za zingwe zimasunga madzi mkati ngakhale pamwamba pakuoneka pouma.

Fungo lachepa koma madontho ambiri akana. Sachoka amenewo, alowa mu ulusi. Ndipo pokwecha chingwe chimodzi chaduka m'manja mwanga ngati ulusi wosokera, chifukwa nkhungu simangodetsa thonje, imalidya. Ndiye ndiuzeni ndigonapo bwanji ndi mtima wokhazikika pa chinthu chomwe zingwe zake zaola, ndi msana wangawu, pansi pali simenti?

Amayi a chipinda choyandikana nane akuti thiranipo Jik asisi zithe. Jik pa nsalu ya thonje yamitundu amachotsa mtundu nkusiya zigamba zoyera, ndipo ulusi womwe wafooka kale amaumaliza. Ndipo poti ndatchula, chonde chonde musamasakanize Jik ndi viniga, zimatulutsa mpweya wa poizoni, m'tizipinda tathu ta kuseli ta windo limodziti munthu ukhoza kukomoka. Ndaona anthu akusakaniza m'ndowa eti kuti zigwire mphamvu, siyani zimenezo.

Ine chigulireni hamoku imeneyi sinagonepo panja ngakhale usiku umodzi. Ndikaona mitambo yada kumwera ndimathamanga kukaimasula. Ndimaisunga mu pilokesi yakale pamwamba pa wadiropu, osati mu pulasitiki, kuti izipuma, ndipo siikhudza khoma chifukwa khoma la chipinda changa limachita thukuta nthawi ya mvula. Zaka ziwiri inalibe ngakhale kadontho. Munthu wina masabata atatu waimaliza.

Chomwe chandipweteka kwambiri si R700 ayi. Ndi mawu aja akuti mlamu ndi kansalu chabe tikugulirani ina month end. Kansalu chabe? Pepani osanena, manyazi osachita, kungoseka. Chinthu cha mwini ukabwereka umachisamala kuposa chako, umachibweza chouma, choyera, mmene unachitengera. Kwathu ukabwereka mphasa ya maliro kapena ya ukwati sungaibweze yonyowa utaikulunga, agogo angakutukwane mudzi wonse umve. Tabwera kuno tayamba kuona ngati zinthu zimangotoledwa mumsewu, pamene tonse tikudziwa mmene randi imavutira kuipeza, kudzuka 4 koloko kuthamangira taxi kuzizira kuli nyenyenye. Month end imeneyo ndikuidziwa, Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Nanunso a m'yadi muno poti tikuwerengana pano, chingwe choyanikira ndi chimodzi, mabanja ndife 6. Munthu amayanika majini Lachisanu, mvula iwanyowetse, aume, iwanyowetsenso, mpaka Lolemba ali pomwepo, ena tikusowa poyanika mayunifomu a ana mpaka tikuyanika pa mipando m'nyumba zovala nkumanunkha chinyezi. Lero ndachita kupempha malo oyanika hamoku yanga ngati ndine mlendo pamene lendi timalipira yofanana. Majini a buluu atatu aja ndi thawulo lija, mwini wake abwere achotse, mawa 7 koloko ndikufuna chingwe chonse.