Ma lug si zokongoletsa chabe ayi

Mwalemba kuti ma lug, timasoketi tolumikizira mapaipi pa felemu ya njinga, ndi zokongoletsa basi, apo ndiye ndakana. Njinga zakale zija za Raleigh ndi Humber zomwe ankakwera azigogo athu zinali za ma lug, paipi amailowetsa mkasoketi kenako nkuthiramo mkuwa wosungunuka, chitsulocho sichisungunuka ayi nchifukwa chake paipi ikathyoka umangotenthetsa nkuisolola nkuikapo ina. Fillet brazing, kulumikiza mapaipi ndi mkuwa popanda lug, ubwino wake mapaipi umawapendeketsa mmene ukufunira pomwe lug imakukakamiza kutsata mmene anaipangira, apo mwanena zoona. Koma chonde musapite nayo njinga yanu kwa owotcherera mageti ndi magetsi aja, yanga anaiboola paipi yapansi pa chishalo, mpaka lero mtima umandiwawa.