Zolosera za draft zandikwana

Dzulo usiku mkulu wina wa m'gulu lathu la pa WhatsApp, momwe timakambirana za mpira wa ku America, anatumiza mndandanda wa anyamata asanu ndi awiri a m'makoleji amene akuti timu yanga ya Cleveland Browns iyenera kuwatenga pa draft ikubwerayi (mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu a NFL, ligi yaikulu ya mpirawu, amasankhirapo osewera atsopano mosinthanasinthana, gawo ndi gawo), ndipo pansi pake analembapo kuti aliyense wotsutsa mndandandawo sadziwa mpira. Ine ndinangofunsa mwaulemu kuti, kodi achimwene, mwa anyamata asanu ndi awiriwa ndi angati amene munawaonerapo akusewera masewero athunthu, kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto? Yankho lawo linali lakuti ndisiye zinthu za akuluakulu, ndibwerere ku mpira wamiyendo umene ndinakulira. Chipongwecho ndikanachimeza, chifukwa m'magulu otere timatukwanizana tsiku ndi tsiku, koma chimene chandikwiyitsa mpaka kufika polemba izi ndi chakuti munthu amene amalankhula motsimikiza chonchi ndi yemwe uja anatisokosa miyezi itatu yathunthu mu 2025, ndipo lero wabwera ndi mndandanda watsopano ngati kuti tonsefe tinaiwala.

Ndikukumbutseni, achimwene, popeza inu simufuna kukumbuka. Mu 2025 Cleveland inali ndi mwayi wosankha pa nambala 2 m'dziko lonse la America, ndipo inu munalumbira kuti ikapanda kutenga Shedeur Sanders, quarterback (wosewera amene amatsogolera anzake ndi kuponya mpira) wa ku koleji ya Colorado, mwana wa katswiri wakale Deion Sanders, ndiye kuti atsogoleri a timuyi ndi zitsiru zofunika kuchotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Simunali nokha, ndikuvomera, pakuti ngakhale Mel Kiper wa pa kanema wa zamasewero wa ESPN, amene wakhala akuchita ntchito yoloserayi kwa zaka zoposa 40, anamuika mnyamatayu pamwamba pa ma quarterback onse a chaka chimenecho. Ine ndinadzuka 2 koloko usiku, yomwe ndi nthawi imene mwambowu umayamba kuno kwathu, kuti ndione ulosi wanu ukukwaniritsidwa ku Green Bay, mzinda umene mwambowu unkachitikira. Timu ya Tennessee, imene inali pa nambala 1, inatenga Cam Ward. Cleveland inasinthana malo ndi Jacksonville, inatsikira pa nambala 5 n'kutenga Mason Graham wa ku Michigan. Usiku wa Lachinayi unatha dzina la Sanders lisanatchulidwe, Lachisanu linathanso chimodzimodzi, ndipo Cleveland yomweyo inatenga quarterback wina, Dillon Gabriel wa ku Oregon, pa nambala 94. Sanders anatchulidwa Loweruka, m'gawo lachisanu, pa nambala 144, ma quarterback ena asanu atapita kale. Munthu amene inu munati ndi wa pa nambala 2 anapezeka pa 144, ndipo matimu onse 32 anamudumpha mobwerezabwereza. Sindikunena kuti mnyamatayo ndi woipa kapena ndi wabwino, zimenezo zidzaoneka pabwalo. Ndikunena kuti inu simunadziwe, ndipo munalankhula ngati mukudziwa.

Mfundo yanga ndi yomweyi basi: simudziwa. Inu simudziwa, ine sindidziwa, ndipo akuluakulu ovala masuti pa kanema aja sadziwanso. Kulosera ndi kosangalatsa, nanenso ndimachita, koma kulosera n'kumanyoza anzako ngati kuti unapita kutsogolo n'kukaona mmene zidzathere ndi kudzitama kopanda maziko. Timu iliyonse ya NFL imalemba ntchito anthu ambirimbiri oyendayenda m'makoleji chaka chonse, imayeza anyamatawa m'chipatala, imawafunsa mafunso m'zipinda zotseka ku Indianapolis kumene amakayesedwa draft isanachitike, imafufuza mpaka kwa aphunzitsi awo akale, ndipo pambuyo pa zonsezo imalakwitsabe chaka ndi chaka. Nanga inu, amene mwaonera kanema wa mphindi zitatu pa YouTube, momwe anangosankhamo zabwino zokhazokha n'kuikamo nyimbo, chikukupatsani mphamvu yotukwana anthu ndi chiyani?

Ngati pali anthu amene ayenera kudzichepetsa pa nkhani imeneyi, ndife otsatira Cleveland. Chibwerereni timuyi mu ligi mu 1999 takhala tikuuzidwa kuti mpulumutsi wapezeka, ndipo nthawi iliyonse owuzawo ankalankhula ndi mawu omwewa amene inu munalankhula dzulo. Mu 1999 anali Tim Couch, woyamba kusankhidwa m'dziko lonse. Mu 2007 anali Brady Quinn wa ku Notre Dame, mwana wa ku Ohio komweko, amene timu inachita kupereka mwayi wake woyamba wa chaka chotsatira kwa Dallas kuti imupeze pa nambala 22, ndipo pofika 2010 anali atamutumiza kale ku Denver. Mu 2012 anali Brandon Weeden, pa nambala 22 yomweyo, munthu wa zaka 28. Mu 2014 anali Johnny Manziel wa ku Texas A&M, pa nambala 22 kachitatu, amene anthu anavina m'misewu atamva dzina lake, koma patangotha zaka ziwiri anachotsedwa. Onsewa anali ndi makanema okongola a ku koleji, onsewa anali pamwamba pa mindandanda ya alosi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi cha 2000, ndipo ndimachikumbukira nthawi zonse munthu akayamba kundiuza kuti iye ali ndi diso lozindikira osewera. Chaka chimenecho Cleveland inkafuna quarterback wina m'gawo lachisanu ndi chimodzi, ndipo pa nambala 183 inatenga mnyamata wotchedwa Spergon Wynn. Patangodutsa mayina ochepa, pa nambala 199, New England inatenga mnyamata wowonda wa ku Michigan amene anathamanga mayadi 40 m'masekondi 5.28, liwiro limene alosi anaseka nalo mpaka kugwira m'mimba. Mnyamatayo anali Tom Brady, ndipo anapuma mpira atapambana Super Bowl, masewero omaliza olimbirana chikho cha ligi, kasanu ndi kawiri. Ma quarterback asanu ndi mmodzi anasankhidwa iye asanatchulidwe. Ngakhale New England yeniyeniyo siyenera kudzitama, chifukwa ikanadziwa chimene inali kutola, sikanadikira magawo asanu athunthu pamene timu ina iliyonse ikanatha kumutenga. Amenewo anali mwayi, ndipo mwayi suusandutsa munthu kukhala katswiri.

Mukaganiza kuti zimenezi ndi zakale, taonani San Francisco, timu imene anthu onse amavomereza kuti ili ndi aphunzitsi anzeru. Mu 2021 inapereka kwa Miami mwayi wake wa gawo loyamba wa zaka zitatu kuti ikwere pa nambala 3 ndi kutenga Trey Lance wa ku North Dakota State. Lance anayamba masewero anayi okha mu yunifolomu ya San Francisco, ndipo mu 2023 anamugulitsa ku Dallas pa mtengo wa mwayi umodzi wa gawo lachinayi. Chaka chotsatira atamutenga Lance, timu yomweyo inatola Brock Purdy wa ku Iowa State pa nambala 262, munthu wotsiriza weniweni pa draft yonse, amene mwa mwambo amapatsidwa dzina lachipongwe loti Mr. Irrelevant, kutanthauza munthu wosawerengeredwa. Wosawerengeredwayo ndiye anaitengera timuyi ku Super Bowl mu Febuluwale 2024, komwe inagonja kwa Kansas City ndi 25 kwa 22 m'nthawi yowonjezera. Anthu omwewo, m'chipinda chomwecho, anataya chuma cha zaka zitatu pa munthu wolakwika n'kupeza woyenera pa mtengo wa bonya. Ndiye inu mukuti chiyani, achimwene, kuti mndandanda wanu wa pa foni ndi wosatsutsika?

Ndi Kansas City imene ndatchulayi, quarterback wake Patrick Mahomes anasankhidwa pa nambala 10 mu 2017, Chicago itachita kupereka malipiro kuti ikwere malo amodzi okha, kuchoka pa 3 kupita pa 2, n'cholinga chotenga Mitchell Trubisky amene anali atayamba masewero 13 okha ku koleji. Mu 2018 Lamar Jackson anatsala pang'ono kutuluka m'gawo loyamba, anatengedwa ndi Baltimore pa nambala 32, ena ochita kudziwika mu ligi atanena kuti asiye kuponya mpira, azikathamanga ndi kuwakha. Iye wapatsidwa kawiri mphotho ya wosewera wopambana onse mu ligi, mu 2019 ndi mu 2023, ndipo timu yanga imakumana naye kawiri chaka chilichonse, kotero ndikudziwa bwino kuwawa kwake. Josh Rosen, amene anasankhidwa pa nambala 10 mu 2018 momwemo ndipo ambiri ankati ndi wokonzeka kuposa anzake onse, anakhala ku Arizona chaka chimodzi chokha.

Zifukwa zake aliyense akhoza kuzitchula: mpira wa ku koleji ndi wosiyana ndi wa mu ligi, anthu amavulala, aphunzitsi amasinthidwa, ndipo a pa kanema amalipidwa kuti alankhule, osati kuti alondole. Zimenezo si zimene zandidzutsa m'mawa uno. Chandidzutsa ndi kusowa manyazi. Sing'anga woombeza maula akakuuza kuti mvula igwa Lachiwiri, ndiye osagwa, sabata yotsatira amayenda chozemba akakuona pa msika. Koma alosi a draft alibe chikumbumtima chotere. Amalakwitsa mu Epulo, amakhala chete mu Meyi, ndipo pofika Janyuwale abweranso ndi mndandanda wina, mawu akuluakulu omwe aja, kunyoza komwe kuja. Palibe amene amabwerera m'gulu kudzanena kuti abale anga, chaka chatha ndinakusokeretsani. Inu, achimwene, simunanenepo mawu amenewo ngakhale kamodzi, ndipo uthenga wanu wonse wa 2025 ndikadali nawo pa foni yanga, tsiku lililonse mukadzafuna ndidzautumizanso m'gulu kuti ana atsopano aone mlosi wawo.

Mwa osewera onse amene Cleveland yasankha chiyambireni 1999, amene ndimamulemekeza kwambiri ndi Joe Thomas, ndipo iyeyo sanali dzina limene linkasangalatsa anthu ofuna zonyezimira. Anatengedwa pa nambala 3 mu 2007, chaka chomwe chija cha Quinn, ntchito yake inali yoteteza quarterback cha kumanzere, ntchito imene opanga makanema a mphindi zitatu saiona n'komwe. Pa tsiku la draft iye sanapite ku New York kukavala suti, anapita kukawedza nsomba ndi bambo ake pa nyanja ya Michigan. Kenako anasewera pa maulendo 10,363 otsatizana amene timu yake inayambitsa mpira, osatuluka m'bwalo ngakhale kamodzi, m'timu imene inkagonja mochititsa manyazi, ndipo mu 2023 dzina lake linalowa m'nyumba ya ulemu ya osewera akuluakulu ku Canton. Pa tsiku la draft ya 2007 lija anthu ambiri anakondwera ndi Quinn kuposa Thomas. Ndikanakhala m'gulu lathu nthawi imeneyo, ndikudziwa bwino amene mukanamuika pamwamba pa mndandanda wanu, ndiponso amene mukanamutukwana chifukwa chofunsa funso.

Ndipo pali khalidwe lina la anthu omwewa limene limandinyansa mofanana, lopereka malikisi m'mawa mwake draft itangotha. Anyamata sanavale n'komwe zisoti za timu yatsopano, ena sanafike ngakhale mumzinda umene akukakhala, koma mlosi wagawa kale A kwa uyu, F kwa uyo, ngati mphunzitsi wochonga mayeso amene ana sanalembe. Malikisiwo amangotanthauza chinthu chimodzi, kuti timu yatsatira mndandanda wa mlosiyo kapena yaukana. Mu 2012 Seattle inalandira malikisi otsika kwa olemba ambiri chifukwa inatenga Russell Wilson pa nambala 75, munthu amene ankati ndi wamfupi kwambiri moti sangaone pamwamba pa anzake, pamodzi ndi Bruce Irvin ndi Bobby Wagner. Pasanathe zaka ziwiri, mu Febuluwale 2014, anyamata omwewo anaswa Denver ndi 43 kwa 8 pa Super Bowl. Makolo anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala, koma inu mumayamba kuvina mtsinje usanasefukire n'komwe. Mu 2025 munaipatsa Cleveland F Lachisanu usiku chifukwa sinatenge Sanders, ndipo Loweruka madzulo, itamutenga, munasintha n'kuipatsa A, timu yomweyo, atsogoleri omwe aja munati achotsedwe ntchito. Uthenga wanu ndautsekera pa foni yanga mpaka mwezi wa Meyi.