Digiri ya nyimbo iziphunzitsanso mmene woimba angadyere thukuta lake

Maganizo anga ndi akuti sukulu ya ukachenjede imene imalandira mnyamata kapena mtsikana kuti imuphunzitse nyimbo kwa zaka 4, kenako n'kumutulutsa asakudziwa kulemba mgwirizano wa ntchito, kuika mtengo pa luso lake kapena kulembetsa nyimbo zake kuti azilandira ndalama zaumwini, yangogwira theka la ntchito imene makolo ake anaipatsa. Ndikunena izi ngati munthu wokonda nyimbo zathu, amene zimamupweteka kuona achinyamata aluso lozama akudyeredwa masuku pamutu ndi anthu osadziwa ngakhale kuchuna gitala, koma odziwa bwino mmene ndalama imayendera.

Malo ophunzirira nyimbo tili nawo, ndipo ndi oyenera kuwayamikira. Ku Zomba, University of Malawi yakhala ikuphunzitsa nyimbo pamodzi ndi zisudzo ndi zojambulajambula kuyambira kale, pamene tonse tinkangoitchula kuti Chancellor College. Ku Thyolo, sukulu ya MUST, imene inatsegulidwa mu 2014, ili ndi Bingu School of Culture and Heritage komwe ophunzira amazama pa nyimbo za ku Africa kuno, ndipo ku Area 23 mumzinda wa Lilongwe kuli Music Crossroads imene yasula oimba ndi oliza zida ambiri amene timawaona m'mabandi lero. Funso limene limandivutitsa ndi la tsiku lotsatira mwambo wolandira digiri, mkanjo utabwezedwa, abale atabwerera kumudzi. Ntchito zolembedwa za woimba m'dziko muno n'zowerengeka: bandi ya apolisi, mabandi a asilikali, uphunzitsi, mipingo ingapo imene imalipira woliza zida, ndi nyumba zoulutsira mawu. Ena onse, afune asafune, adzakhala odzilemba okha ntchito, ndipo amene anaphunzira ndi ngongole ya boma adzayenera kuibweza kuchokera m'ndalama za ntchito yomweyo. Ngati zinthu zili chonchi, kuphunzitsa bizinesi ya nyimbo ndi mbali ya digiriyo, chimodzimodzi ndi kuwerenga manotsi a nyimbo ndi kuliza chida.

Msika umene ophunzirawa akukalowa ndi wosiyana kwambiri ndi umene aphunzitsi awo ambiri anakuliramo. Kale woimba ankajambula chimbale n'kukachipereka kwa wogulitsa makaseti, monga O.G. Issa, ndipo ngakhale panali madandaulo pa kagawidwe ka ndalama, njira inali yodziwika. Atabwera ma CD ndi makompyuta, kunabuka obena nyimbo m'misika yonse, ndipo lero nyimbo imatuluka m'mawa, pofika madzulo yafika m'mafoni a dziko lonse kudzera pa WhatsApp, mwini wake osalandira ngakhale tambala. Spotify, njira yomverera nyimbo pa intaneti, inafika m'Malawi mu 2021, YouTube tili nayo, koma ndalama imene imabwera munthu mmodzi akamvera nyimbo ndi yochepa zedi, ndipo omvera athu ambiri amayamba aganizira mtengo wa bandulo asanatsegule intaneti. Ndalama yeniyeni ya woimba wa kuno ili m'mashoo, m'maukwati ndi zinkhoswe, m'zochitika za makampani ndi mabungwe, m'nyimbo zotsatsira malonda, m'kujambula anzake mu situdiyo, ndi m'kuphunzitsa ana a anthu piyano kapena gitala. Wophunzira ayenera kuidziwa misika imeneyi umodzi ndi umodzi, amene amalipira, nthawi imene amalipira, ndi miyezi imene ntchito imasowa, monga nyengo ya mvula pamene maukwati ndi zochitika zapabwalo zimachepa.

Pamene ndikufuna kutsindika kwambiri ndi pa umwini wa nyimbo, chifukwa apa ndi pamene anthu amalira atakalamba. Bungwe la COSOMA lakhalapo kuyambira mu 1992, ndipo lamulo latsopano loteteza umwini wa zaluso linakhazikitsidwa mu 2016. Bungweli limatolera ndalama ku mawailesi, mahotela, malo azisangalalo ndi ena ogwiritsa ntchito nyimbo, komanso pali ndalama imene imadulidwa pa zipangizo zosungiramo nyimbo zikamalowa m'dziko, ndipo zonsezi zimagawidwa kwa eni luso amene analembetsa ntchito zawo. Amene sanalembetse sapeza kanthu, ngakhale nyimbo yake italira pa wailesi chaka chathunthu. Komanso nyimbo imodzi imakhala ndi eni angapo: pali amene analemba mawu, amene anapeka maimbidwe, amene anaimba ndi kuliza zida, ndi amene analipira kuti ijambulidwe. Achinyamata athu amalowa mu situdiyo ngati abwenzi, wina n'kupereka biti, wina kolasi, wina ndalama ya magetsi, onse n'kutuluka akuseka popanda cholembedwa chilichonse. Nyimbo ikapanda kutchuka, ubwenzi umapitirira. Ikatchuka, kampani ya mafoni n'kuifuna pa malonda ake, ndi pamene aliyense amakumbukira mosiyana zimene anagwirizana, ndipo kawirikawiri amapambana ndi amene ali ndi dzina lalikulu kapena loya. Pepala limodzi lolembedwa tsiku lojambula, lonena gawo la aliyense ndi kusainidwa ndi onse, likanathetsa milandu yambiri yotere. Ine ndingakonde kuti pasakhale wophunzira nyimbo wolandira digiri asanalembepo pepala lotere ndi dzanja lake, asanawerengepo mgwirizano weniweni wa kampani yojambula nyimbo n'kuloza ndime zimene zingamulande umwini, komanso asanalembetse ntchito yake imodzi ku COSOMA.

Nkhani ina ndi ya mtengo, imene imavuta chifukwa cha ulemu umene tinaleredwa nawo. Mwana wa Chimalawi akafunsidwa ndi munthu wamkulu kuti, “Tikupatse zingati?” amayang'ana pansi n'kuyankha kuti, “Muona nokha, bwana.” Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo oimba ambiri afera momwemo. Mtengo wa shoo umachokera m'masamu: thiransipoti ya anthu ndi zida, masiku okonzekera, kubwereka zokuzira mawu, mafuta a jenereta poti magetsi sadalirika, malipiro a woliza ng'oma ndi oimba kumbuyo, msonkho wa ku MRA, kenako phindu la mwini ntchito. Munthu amene wawerengetsa zonsezi papepala amatchula mtengo wake mwaulemu koma mosagwedezeka, amapempha gawo la ndalama tsiku la shoo lisanafike, ndipo amadziwa choyankha akauzidwa mawu otchuka aja akuti palibe ndalama koma apeza mwayi wodziwika. Izi zimaphunzitsika, monga mmene kupuma bwino poimba kumaphunzitsikira.

Kaphunzitsidwe kake ndi kamene kangapindule kapena kuononga zonse. Msonkhano wa masiku awiri mu hotela, wokhala ndi alawansi ndi satifiketi pamapeto, sungasinthe kanthu, ndipo phunziro la bizinesi lophunzitsidwa kwa ophunzira a masukulu onse pamodzi, lodzaza ndi zitsanzo za kugulitsa sopo ndi chimanga, silimufika pamtima woimba. Chimene ndikupempha ndi chakuti chaka chomaliza wophunzira aliyense, ali pagulu ndi anzake, akonze shoo yeniyeni yolipiritsa pakhomo, kaya mu Great Hall ku Zomba kaya mu holo ya m'tauni yapafupi, alembe bajeti, afunefune othandiza, agulitse matikiti pa Airtel Money ndi Mpamba, alipire anzake amene aimba, ndipo pamapeto aime pamaso pa aphunzitsi kufotokoza pamene ndalama inalowera ndi pamene inatayikira. Akaluza, aluze ali pasukulu pamene pali womuwongolera. Ku Zomba ophunzira zamalamulo ali pabwalo limodzi ndi ophunzira nyimbo, ndipo sindikuona chovuta kuti azikhala pamodzi kuwerenga migwirizano, onse n'kupindula. Zikondwerero zathu zikuluzikulu, monga Lake of Stars, Sand Music Festival ndi Tumaini ya ku Dzaleka, ndi makalasi okwanira kwa wophunzira amene angatumizidweko kukagwira ntchito kuseri kwa siteji, n'kuona kuti pambali pa woimba pali wokonza mawu, woyang'anira siteji, manijala ndi wofalitsa uthenga, ndipo zonsezi ndi ntchito zimene wodziwa nyimbo angazigwire bwino kuposa wina aliyense.

Aphunzitsi athu olemekezeka, ndikupemphaninso kuti mutsegule zitseko kwa anthu amene adya za nyimbo kwa zaka 20 kapena 30 opanda digiri. Mayi amene wayendetsa kwaya yojambula zimbale, bambo amene wasunga bandi osapasuka, mnyamata amene situdiyo yake ya ku Ndirande kapena ku Chilinde sikhala yopanda anthu, onsewa ali ndi nzeru zimene sizili m'buku lililonse. Aziitanidwa kudzaphunzitsa, ndipo azilipidwa ngati aphunzitsi, chifukwa sitingaphunzitse ana kuti luso lili ndi mtengo pamene mlendo wodzawaphunzitsayo tamupatsa botolo la madzi lokha.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti sukulu ya ukachenjede si msika, ndipo kuti tikayamba kuyeza nyimbo ndi ndalama tidzataya vimbuza, tchopa, ingoma ndi mangolongondo n'kumangothamangira zimene zikugulidwa sabata ino. Nkhawa imeneyi ndi yoona ndipo ndimaimva. Koma amene amasiya nyimbo zozama msanga ndi woimba wanjala, chifukwa amakakamizika kuimba chilichonse chimene chingamupatse chakudya cha lero, pamene amene amadziwa kulemba pempho la thandizo ku mabungwe a zachikhalidwe, kupeza zikondwerero zakunja ndi kusunga mabuku a ndalama amatha kukhala zaka akufufuza ndi kuliza bangwe osafa ndi njala. Ndikukananso kuti mawu oti kudzilemba ntchito asanduke pobisalira boma ndi masukulu, ngati kuti wachinyamata akalephera ndiye kuti sanalimbikire. Bizinesi imafuna mpamba, ndipo womaliza maphunziro a nyimbo alibe chikole chokapereka ku banki. Sukulu ingathandize pomulola kugwiritsa ntchito situdiyo ndi zida zake kwa chaka chimodzi kapena ziwiri atamaliza, pamtengo wotsika, komanso pokhala ndi thumba laling'ono lobwereketsa magulu amene aonetsa dongosolo lomveka.

Atsikana ophunzira nyimbo akufunika chisamaliro chapadera pa nkhaniyi, pakuti ntchito zambiri zimachitika usiku, ndipo okonza mashoo ndi eni masitudiyo ena amafuna kulipidwa m'njira zonyazitsa. Mtsikana amene ali ndi mgwirizano wolembedwa, amene akudziwa kujambula yekha mawu ake pa kompyuta, ndipo ali ndi amayi anzake akuluakulu m'ntchitoyi amene angawaimbire foni, amakhala ndi mphamvu yokana. Choncho madipatimenti a nyimbo azisunga mndandanda wa amene anaphunzira kumeneko, azidziwa komwe ali ndi chimene akudya, ndipo wophunzira aliyense wa chaka chachitatu azilumikizidwa ndi mmodzi mwa iwo kuti aziyenda naye kuntchito mpaka atamaliza maphunziro.