Kuno ku England ngakhale zinyalala zikhoza kukutengerani kukhoti

Munthu akamabwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba m'timatauni ta ku England amauzidwa za viza, za kuzizira, za basi yomwe imadutsa kamodzi pa ola. Za bini palibe amene amamuuza. Amadzazidziwira pakalata ya khonsolo, kapena pa kapepala kofiira komata pachivindikiro, galimoto ya zinyalala itadutsa kale osaima.

Choyamba chonyansa n'chakuti palibe dongosolo limodzi. Khonsolo iliyonse ili ndi mitundu yake. Bini yobiriwira tauni ino ndi ya udzu ndi masamba, tauni yoyandikana nayo ndi ya mabotolo ndi zitini, kwinanso ndi ya zinyalala wamba. Zomwe munaphunzira ku Leicester musapite nazo ku Norfolk. Tsiku lomwe mwalowa m'nyumba, lembani postcode yanu (zilembo ndi manambala a kumapeto kwa adiresi) pa webusaiti ya khonsolo, mupeze kalendala ya masiku otengera mabini, muimate pafiriji. Landilodi sakupatsani, ndipo sabata ya Khirisimasi masiku amasuntha.

Ndiye kukula kwa biniyo. Yaikulu imalowa malita 240, koma makhonsolo ambiri anachepetsa ya zinyalala wamba kufika pa 180 kapena 140, ndipo amadzatenga kamodzi pa masabata awiri, ena atatu. Muyeso umenewu anauganizira banja laling'ono lodya zotenthetsa mu microwave. Ife timakhala akuluakulu asanu kapena asanu ndi mmodzi m'nyumba imodzi, aliyense amaphika poto wake, mamba a nsomba, mafupa a nkhuku, makoko a mbatata, kuwonjezapo matewera a mwana. Sabata isanathe bini yadzaza. Chivindikiro chikangoyasama pang'ono akhoza kuisiya. Jumbo yomwe mwaika pambali pake saikhudza n'komwe, ndipo usiku nkhandwe zimaing'amba n'kumwaza zonse mumsewu, m'mawa aliyense akudziwa kuti nyumba yakuti inadya chiyani.

Apa pali zinthu ziwiri zomwe anthu amaluza chifukwa chosafunsa. Makhonsolo ambiri amapereka bini yokulirapo ngati m'nyumba muli anthu ambiri kapena ana ovala matewera, koma mpaka mudzaze fomu. Chachiwiri, nyumba yokhala anthu asanu kapena kuposa omwe si banja limodzi ndi HMO, kutanthauza nyumba ya lendi yogawana anthu a mabanja osiyana, yofunika laisensi, ndipo kuyambira Okutobala 2018 laisensiyo imakakamiza landilodi kutsatira dongosolo la khonsolo pa kasungidwe ka zinyalala. Mabini akaperewera m'nyumba yotere, mlembereni, osati kumuimbira foni, kuti umboni ukhalepo. Alipo malandilodi omwe amatolera lendi ya zipinda zisanu n'kusiya bini ya banja limodzi, aneba akadandaula n'kumati alendowa ndi auve.

Nthawi nayonso sinaganizire wa shifiti ya usiku. Bini izikhala panja pofika 6 kapena 7 koloko m'mawa, ndipo ibwerere kuseri tsiku lomwelo. Wotuluka ntchito 8 koloko amapeza galimoto yapita. Tulutsani madzulo musananyamuke, ndipo m'nyumba mugawane masabata polemba, chifukwa "ndimayesa watulutsa ndiwe" ndiye amabweretsa mphutsi m'mwezi wa Julayi.

Bini ya zobwezeretsa, zinthu zokapangidwanso monga zitini ndi makatoni, ndiyo imagwetsa anthu ambiri. Thewera limodzi, jumbo yakuda yomanga, katoni yonona mafuta, chitini cha tomato chosatsuka, basi, bini yonse yakanidwa. Muyenera kupisamo manja nokha, kuchotsa cholakwikacho, n'kudikira ulendo wina. Mabatire ndi ma vape asalowe mu bini iliyonse, chifukwa akaphwanyidwa m'galimoto amayaka moto. Masupamaketi ali ndi kabokosi kotayamo mabatire pakhomo. Mafuta okazingira musathire m'sinki, amaundana m'paipi ndipo pulambala mudzamulipira ndinu. Mkute wa nsima ndi zotsala zina zimapita mu kabini kakang'ono ka zakudya, ndipo lamulo likuti kuyambira pa 31 Marichi 2026 makhonsolo a ku England azitenga zimenezi sabata iliyonse. Pamenepa pokha ndiyamike.

Chindapusa cha kulakwitsa bini si chachikulu. Pansi pa gawo 46 la Environmental Protection Act 1990 amayamba ndi chenjezo lolemba, kenako kalata yonena kuti akufuna kukulipitsani, ndipo ndalama yake sipitirira £80. Choopsa ndi fly-tipping, kutaya zinyalala pamalo osaloledwa, ndipo anthu amaganiza kuti ndi za malole otaya zigumuka kutchire. Ayi ndithu. Jumbo yosiyidwa pafupi ndi bini ya mumsewu, zovala zounjikidwa pakhomo la shopu ya zachifundo usiku, matilesi otsamiritsidwa pampanda ndi kapepala koti "free", zonsezo khonsolo ikhoza kuzitenga ngati mlandu womwewo. Kuyambira Julayi 2023 chindapusa cha pompopompo chikhoza kufika £1,000, cha kutaya kachinyalala mumsewu £500. Ogwira ntchito kukhonsolo amavala magulovesi, amang'amba jumbo, amafufuza envelopu kapena katoni ya Amazon yokhala ndi dzina. Mwini dzina lomwe alipezalo ndiye amayamba kufunsidwa mlandu, kaya anataya ndi mnzake wa chipinda chapamwamba.

Chowawa kwambiri ndi cha anyamata a maveni a pa Facebook. Wakuuzani kuti firiji yakufa ndi sofa anyamula pa mtengo wozizira, mwamupatsa kashi, iye wakakhuthula m'kanjira ka kumunda. Zikapezeka, inu mwini katundu mukhoza kulipitsidwa mpaka £600 chifukwa simunafufuze ngati munthuyo ndi wololedwa. Musanamupatse kanthu, mufunseni nambala yake ya kalembera wa Environment Agency, bungwe la boma loona za chilengedwe. Ya wonyamula zinyalala za ena pa bizinesi imayamba ndi CBDU, ndipo mutha kuifufuza pa intaneti mwaulere. Jambulani nambala ya galimoto, funsani komwe akukataya, landirani lisiti, lipirani kudzera ku banki. Akayamba kuzemba mafunso amenewa, msiyeni apite.

Mukati mutsate njira yoyenera, nayonso ili ndi minga. Kumalo otayirako zinyalala a khonsolo, komwe eni dziko amati ku tip, malo ambiri amafuna mubuke nthawi pasadakhale ndi kuonetsa umboni wa adiresi. Veni imafuna chilolezo chapadera, ndipo ena salola wolowa wapansi. Nanga wopanda galimoto atani, asenze matilesi m'basi? Yatsala ndi yoitana khonsolo idzanyamule katundu wamkulu, molipira, n'kudikira masiku. Sofa ndi mipando ya thonje kuyambira Januwale 2023 imatengedwa payokha kukaotchedwa chifukwa cha mankhwala omwe ali mu siponji yake. Udzu wa pabwalo m'madera ambiri uli ndi bini yake yolipira pachaka. Zonsezi pamwamba pa council tax, msonkho wa khonsolo, yomwe mukudula kale mwezi ndi mwezi.

Kwathu nkhani yonseyi imathera padzala kuseri kwa nyumba ndi kachitsa ka machesi. Kuno musayerekeze. Kusonkha moto pabwalo pakokha sikoletsedwa, koma kuotcha mapulasitiki, matilesi kapena zinyalala za m'nyumba ndi mlandu, ndipo utsi ukamalowa kwa aneba kawirikawiri umasanduka statutory nuisance, kutanthauza chosokoneza anthu chomwe lamulo limaletsa. Apa ndi pomwe moyo wa m'tauni yaing'ono umatopetsa. Neba amakumwetulirani m'mawa uliwonse, amakufunsani za nyengo, koma m'nyumba mwake ali ndi pepala lochokera kukhonsolo lomwe akulembapo tsiku, ola ndi mphindi zomwe utsi wa kanyenya unadutsa mpanda, kapena pomwe nyimbo zinayamba. Sabwera kudzagogoda kuti achimwene, tsitsaniko pang'ono. Munthu ukanamva, ukanapepesa, nkhani ikanatha tsiku lomwelo. Iye amasonkhanitsa umboni kwa masabata, inu mukungoti tikukhala bwino ndi anzathuwa.

Pa phokoso, usiku mwalamulo umayamba 11 koloko mpaka 7 koloko m'mawa. Mapemphero a usiku wonse m'nyumba yogundana khoma ndi ina, kapena phwando la 6 Julayi lofika mbandakucha, pangani lendi holo. Khonsolo ikakhutira kuti vuto lilipo imapereka abatement notice, kalata yokulamulani kuti musiye. Muli ndi masiku 21 okadandaula ku khoti la majisitireti, ndipo kuinyozera ndi mlandu wopalamula. Bwalo lomera tchire lokhala ndi firiji yakale pakona likhoza kubweretsa kalata ya gawo 215 la Town and Country Planning Act 1990 yokulamulani kuti mukonze pamalopo, ndipo makoswe akayamba, lamulo la 1949 limalola khonsolo kukulamulani kuti muthane nawo.

Olota zoweta nkhuku kuseri, mverani. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024 ngakhale nkhuku imodzi iyenera kulembetsedwa ku APHA, bungwe la boma loona za umoyo wa ziweto ndi zomera. Kuipatsa zotsala za kukhitchini, inde ngakhale mkute, n'koletsedwa. Tambala akangolira kawiri, pepala la neba lija layamba kudzaza, ndipo mwina mgwirizano wanu wa lendi unakana kale ziweto.

Kalata ya khonsolo ikabwera musaiponye mu dilowa poganiza kuti aiwala. Chindapusa cha pompopompo chimakhala ndi masiku 14. Mukalipira, nkhani yatha ndipo si mbiri ya kukhoti. Ngati simunalakwe, yankhani molemba masiku asanathe, ndi zithunzi ndi lisiti ija, kapena pitani ku Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu waulere, akuthandizeni kulemba. Mukangokhala chete, nkhani ikhoza kupita kwa majisitireti, ndipo akakupezani wolakwa muyenera kudzaulula pa fomu yowonjezera viza ndi yopempha kukhala kuno mpaka kalekale. Mwini dziko akalakwitsa chomwecho amalipira n'kupita kukamwa tiyi. Mlendo amakafotokoza za matilesi akale ku Home Office, unduna woona za maviza.