Oyendera odwala nawonso amatopa

Alembi, mwanena kuti magulu oyendera odwala akutha chifukwa akhristu amasiku ano alibe mtima wodzipereka. Pamenepo sindikugwirizana nanu. Mayi anga atagona nthawi yaitali chifukwa cha sitiroko, amayi a kumpingo ankabwera kudzawasambitsa, kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda kumsana, mpaka kuchapa zofunda zimene ife ana awo tinkazengereza kuzigwira. Koma amayi omwewo ndi amenenso amasesa m'tchalitchi, kuimba kwaya ndi kuphunzitsa ana Sande sukulu. Mmodzi mwa iwo atadwala, panalibe amene anakawazonda. Anthuwa atopa basi. Inu akuluakulu a mpingo amene mukuwerenga pano, muzigawa ntchitozi mosinthanasinthana, ndipo achinyamata muziwapempha mmodzimmodzi, osati kungolengeza paguwa.