Kukhala pansi nako n'kogula tsopano

M'mizinda ya masiku ano ukatopa, zako zimenezo. Pamene panali mtengo wamthunzi pali mpanda wamalata ndi chikwangwani cholonjeza "nyumba zamakono", ndipo mpando wokhawo umene ukuuona ndi wa malo odyera. Usanapume n'komwe, woperekera zakudya wafika kale, akumwetulira: "Tikupatseni chiyani, bwana?" Chimbudzi nachonso ati ndi cha makasitomala okha.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi mabenchi otsalawo. Tawayang'anitsitsani. Pakati anakhomapo zitsulo, thabwa lake n'lopendekeka, dala, kuti munthu asagonepo kapena kukhalitsa. Ku London mu 2014 anthu anakwiya ataona zisonga zachitsulo zitakhomedwa pansi pakhomo la nyumba ina yapamwamba, zothamangitsira osowa pogona. Ku New York, kuyambira mu 1961, omanga amaloledwa kukulitsa nyumba zawo zosanja akasiyira anthu kabwalo pansi. Zomveka bwino, eti? Koma kabwaloko kamakhalabe ka mwini nyumba, mlonda n'kukhala wake yemwe.

Nanga agogo odikira basi apumire kuti? Mayi woyamwitsa? Anyamata opanda kanthu m'thumba akumane kuti, poti bwalo lampira analisandutsa poimika magalimoto? Anthu oposa theka la dziko lonse lapansi akukhala m'matauni, koma kachigawo kalikonse ka nthaka amakayeza ndi lendi imene kangabweretse. Macheza sabweretsa lendi, ndiye alibe malo pa mapu. Kenako omwewo amene anagulitsa bwalo n'kumadandaula kuti ana a m'tauni amangokhalira foni, sapereka ngakhale moni.