Msewu wa ku Nyika uikidwe phula, ngakhale ife a matenti tidandaule

Pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri kwa anzanga okonda kuyenda m'mapiri a kumpoto pa galimoto za 4x4, ndipo lero ndati ndiwayankhe poyera. Amati msewu wochoka ku Rumphi kudzera ku Nyika mpaka ku Chitipa ukhale momwemo, wafumbi, chifukwa ukadzasalala ndiye kuti kukoma kwa ulendo kwatha, aliyense azidzafika ku Chelinda, malo ogona alendo mkati mwa paki ya Nyika, ndi kagalimoto kake, phokoso ndi zinyalala n'kudzaza. Abale anga, ine ndikukana. Ndikukana ngakhale kuti maulendo amenewa ndimawakonda ndi mtima wanga wonse.

Chimene chimawakoka anzangawa ndimachidziwa, poti nanenso chimandikoka. Ukachoka pa Rumphi n'kudutsa Bolero kwa a Chikulamayembe, umayenda makilomita pafupifupi 55 kuti ufike pa geti la Thazima lolowera m'pakiyi. Kuchoka apo atsala ena pafupifupi 60 kuti ufike ku Chelinda, koma osawerengera makilomita, werengera maola. Galimoto imakwera ikubuula m'nkhalango ya miombo, pena msewu ukuyenda m'malire enieni ndi Zambia, kenako mitengo imangotha mwadzidzidzi. Kutsogolo ndi udzu wokhawokha, zitunda kutsatizana mpaka pamene maso alekezera. Uli pamwamba kupitirira mamita 2,000, ndipo nsonga ya Nganda imapitirira 2,600. Mu June ndi July ukadzuka m'mamawa umapeza tenti itauma gwa ndi chisanu, zala zikukanika kugwira machesi, ndipo chapafupi pomwepo mbidzi zikudya udzu osakulabadira. Ntchefu, chilembwe, mphoyo, zonse umaziona poyera popanda chotchinga. Munthu amene wagonako usiku umodzi sangafune kuti malo otere aonongeke. Mpaka apa tili limodzi.

Koma tiyeni tione amene timasiyana nawo panjira. Msewu womwewo ndi umene umatulukira ku geti la Kaperekezi kupita ku Nthalire. Ife timabwera ndi Land Cruiser kapena Hilux, matayala a sipeya awiri, zigubu za mafuta, jeke, fosholo, chingwe chokokera, firiji kumbuyo. Tikatitimira m'matope timatsika, kujambulana, kukankha, madzulo n'kuika pa Facebook. Tikatopa timabwerera ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Nanga amayi amene akwera matola pamwamba pa matumba a nyemba, mwana kumbuyo, mvula ya February ikuwakhuthukira? Lole ikatitimira pa chitunda amagona pomwepo, m'kuzizira komwe ife timakuthawira m'mabulangete atatu. Mayi wapakati amene zamuvuta usiku amadutsa pa mabampu omwewo amene ife timawatcha zosangalatsa. Mlimi amagulitsa mbewu zake motchipa chifukwa ogula amawerengera masipuling'i amene athyole pobwera. Fetereza, sopo, shuga, zonse zimafika zitakwera mtengo. Mphunzitsi kapena namwino akatumizidwa kumeneko amayamba kufunafuna njira yoti amusinthe asanafike n'komwe.

Ndiye munthu wa m'tauni, amene pakhomo pake pali phula mpaka pa geti, n'kumati msewuwu ukhale choncho kuti iye azidzasangalala kawiri pachaka? Zimenezi zimandipweteka.

Tisaiwalenso mbiri. Nyika inakhala paki mu 1965, ndipo mu 1978 boma linaikulitsa mpaka kufika masikweya kilomita opitirira 3,000, kukhala paki yaikulu kuposa zonse m'Malawi. Pokulitsapo anthu anasamutsidwa, kusiya minda, manda a makolo awo ndi malo amene ankapempherako mvula. Ana ndi zidzukulu zawo ndi amene akukhala m'mphepete mwa pakiyi lero. Malo anapereka kale. Msewu wabwino akhala akulonjezedwa kampeni iliyonse kwa zaka zambirimbiri. Ife alendo tisakhale oyamba kuwauza kuti apitirize kudikira.

Nkhawa ya chilengedwe ndi yoona, sindikuipeputsa. Phula limabweretsa liwiro, ndipo liwiro limapha nyama. Koma zimenezo zili ndi mankhwala ake: mahampu, malire a liwiro, mageti otsekedwa usiku, alonda okwanira amene akulipidwa bwino. Opha nyama mozemba salowa pa Thazima ndi galimoto, amalowa wapansi ndi misampha ya waya. Okumba chinaka, amene akutha maluwa osowa a orchid a ku Nyika komwe kuli mitundu yake yopitirira 200, sadikira phula. Chimawatuma ndi umphawi, ndipo umphawiwo msewu woipa umaudyetsa.

Komanso tinene zoona, zina zoononga timachita ndife a 4x4 tomwe. Ndinaonapo ndi maso anga galimoto itasiya msewu n'kulowa pa udzu kuthamangira chilembwe kuti ajambule pafupi. Dothi la pamwamba paja ndi lofewa. Mapazi a matayala amakhalapo nthawi yaitali, wina akaona amatsata momwemo, mvula ikabwera madzi amapeza njira, ndipo posachedwa pamakhala chigwembe. Ena amasiya moto usanazime mu September udzu utauma, mphepo ya ku Nyika ikuomba mmene imaombera muja. Mabotolo ndi mapepala a pulasitiki amene umawapeza pa malo oonera patali sanabwere ndi anthu a ku Nthalire.

Ndipo amene akuopa kuti phula litha kukoma kwa ulendo, mtima pansi. Nkhani ndi ya msewu waukulu wodutsa. Tinjira ta mkati topita ku Chosi, ku nyanja ya Kaulime, ku Jalawe ndi ku Fingira tikhalabe tadothi, ndipo tikufunabe dalaivala wodziwa giya yake. Wofuna kuyesa mtima apite pa Chitimba akwere Golodi ndi makona ake 20 opita ku Livingstonia, kumene a Robert Laws anakhazika mishoni mu 1894. Ku Misuku kuli zitunda zokwanira kutopetsa galimoto iliyonse. Ndipo wofunadi bata aimike galimotoyo ku Chelinda, atenge wolondolera njira, ayende wapansi masiku atatu mpaka ku Livingstonia.

Chimene ndimalakalaka ine n'choti basi ya sukulu izitha kufika pamwamba paja. Alipo ana ambiri a ku Rumphi komweko amene Nyika amangoiwerenga m'buku ndi kuiona patali ngati khoma labuluu, pomwe mlendo wochokera ku Johannesburg wagonako sabata yathunthu. Mwana amene sanaonepo ntchefu adzaiteteza bwanji akadzakula?

Pakadali pano phula lisanafike, tisinthe kayendedwe. Ambiri timagula zonse ku Mzuzu, kuyambira tomato mpaka madzi, n'kudutsa m'midzi magalasi otseka, kusiyira anthu fumbi lokha. Mafuta thirani pa Rumphi mudzaze, zimenezo n'zofunika, koma tomato, anyezi, nthochi ndi uchi gulani panjira. Chepetsani liwiro mukaona njinga kapena ana a sukulu. Perekani moni, "monire" salipiritsa. Mukapeza lole itatitimira, chingwe chija muli nacho, imani.

Inu amene mukukonza ulendo wa July uno ndipo mukuganizabe kuti msewuwu ukhale mmene uliri, mukaima pa Thazima kulipira, tsikani mucheze ndi anthu amene akudikira matola pamenepo. Afunseni kuti anyamuka nthawi yanji kwawo, ndipo akuyembekeza kufika liti. Mukabwerako mudzandiuze zimene anakuyankhani.